Ana inu, njanji si situdiyo yojambuliramo

Ndakhala chete sabata yonseyi koma lero ayi, mundimve basi, wokwiya akwiye.

Mdzukulu wanga anabwera ndi foni Lamulungu, akuti agogo taonani chisitima ichi. Ndi chija cha ku America amachitcha Big Boy, nambala 4014, cha kampani ya Union Pacific. Ine ndinakulira ku Limbe kufupi ndi siteshoni, malemu bambo anga ankathira malasha m'sitima mpaka dizilo inabwera, koma chachikulu chonchi sindinachionepo. Anachipanga mu 1941, mutu ndi bogi yake yakumbuyo kutalika mamita 40, kulemera kuposa matani 500, mawilo okoka okhawo 16. Anazipanga 25 zoti zizikoka katundu m'mapiri a ku Utah ndi Wyoming, zinatsala 8, ndiye choyenda ndi chokhachi, anachidzutsa mu 2019 chitagona pafupifupi zaka 60, ndipo pano chimayaka mafuta osati malashanso. Chikalira huta ine mtima unapita kutali, ndinakumbuka bambo akubwera kunyumba ali bii, maso okha kuyera.

Koma chimene chinandidetsa nkhawa si chisitimacho, ndi anthu. Anthu akuluakulu ndithu, ena aimvi ngati ine, aima pamiyala ya m'mbali mwa njanji foni m'mwamba, wina kuchita kuwerama kuti achitenge bwino. Eni ake amalengeza kuti imani kutali mafiti 25, ndiye kuti pafupifupi mamita 8, koma aaa, ndani akumva. Mu 2018 sitima ina ya nthunzi ya kampani yomweyo, nambala 844, inagunda mayi wina kufupi ndi Denver akujambula, anafera pomwepo.

Musayambe kuseka kuti azungu misala, pakuti ndikubwera kwa inu.

Loweruka lapitali ndikuchokera ku Wenela wapansi, ndapeza kamnyamata kali ndi kamera, kakhazika mtsikana pakati peni peni pa njanji atavala gauni ya giladuweshoni, wina wagwira chija chowalitsira nkhope, wachitatu mahedifoni m'makutu akuvina pamtanda wa njanji. Ndinaima nkuti ana anga chokanipo apo. Mukudziwa yankho lake? Akuti madala musadandaule, lero sibwera. Ndati wakuuza ndani, iwe ndiwe woyendetsa? Anangoseka. Mwana wa eni, makolo agulitsa mbuzi, alowa ngongole ku banki mkhonde kuti amalize sukulu, iwe nkumukhazika panjira ya sitima chifukwa cha ma like a pa Facebook. Ukwatinso ndamva mwayamba, mkwatibwi ndi velo yake yonse panjanji, oimba nawonso mavidiyo awo ndi pomwepo. Chinakulodzani nchiyani kodi?

Tamverani ndikuuzeni zimene bambo ankatiuza ife ndi mkwapulo m'manja. Sitima ilibe chiwongolero, woyendetsa akakuona sangakhote ngati minibasi ya ku Ndirande, chimene angachite ndi kuliza huta, kumanga mabuleki, kenako kungoyang'ana. Ndipo mabulekiwo musawadalire, wilo ndi chitsulo njanji ndi chitsulo, pamene zakhudzanapo ndi pochepa ngati ndalama yachitsulo, ndiye kumbuyoko kuli mabogi odzadza simenti kaya feteleza onse akukankha, imatsetsereka mtunda wautali isanaime, yothamanga ndi yolemera imatha kupitirira kilomita, pamene ikuima iwe nkhani yako yatha kale. Chachiwiri chimene achinyamata simudziwa, thupi la sitima ndi lalikulu kuposa njanji, limatulukira mbali zonse ziwiri. Ndiye uja amati ine sindili panjanji ndaima pambali, akudzinamiza, chitsulo chopondera kapena waya wolendewera pabogi amukola malaya nkumukokera pansi. Komanso sitima ikamabwera molunjika kwa iwe imaoneka ngati ikuyenda pang'onopang'ono, chinthu chachikulu chimanamiza maso, ndiye uwonjezerepo kamera ya foni imene imaonetsa chinthu kutali pamene chafika kale pamphuno, maso ali pasikirini akudikira kuti chidzadze bwino m'chithunzi. Ndi mmene anthu akufera, osati kuti ndi zitsiru ayi, koma akukhulupirira galasi kuposa makutu awo. Samva m'nkhutu uja anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Za nthunzi ndiye osanena. Chisitima ngati Big Boy chija chimatulutsa nthunzi m'munsimu chammbali mwa mawilo, yoti ikakupeza khungu limasupuka ngati nkhuku yoviikidwa m'madzi owira. Mikono ya bambo inali zipsera zokhazokha, koma iwo anali pantchito yodyetsa ana, inu mukufuna zipsera za chiyani?

Ngati mumazikondadi sitima zakalezi, zilipo konkuno zoti sizingakugundeni. Njanji inafika mu Blantyre muno mu 1908 kuchokera kumunsi ku Nsanje, nthawi imeneyo ankati Port Herald, ndipo timitu tiwiri ta 1904 tochokera ku England tidakalipo, Thistle ku siteshoni ya Limbe, Shamrock ku Museum ya ku Chichiri. Ndi tating'ono, pafupi ndi Big Boy uja tingaoneke ngati ana a nkhuku, koma ndi tathu, tinagwira ntchito m'dziko muno agogo anu asanabadwe. Pitani ku Chichiri, perekani kangachepe pakhomo, funsani ogwira ntchito akuuzeni poima, jambulani mpaka batire ithe.

Koma kumenekonso ndili nanu mawu. Zija zokwera pamwamba pa chitsulo chakale nkumajowa, zolemba maina a zibwenzi zanu ndi msomali, zogwedeza tizitsulo kuti muone ngati tikuzungulira, lekani. Chinthu chakhala zaka zoposa 100, chapulumuka nkhondo ziwiri za dziko lonse ndi dzinja lililonse, chidzathere m'manja mwa iwe wobadwa dzana? Chitsulo chadzimbiri chikakucheka ndi kafumbata ameneyo, ukagonekedwe ku Queens uzivutitsa amayi ako ndi mabasiketi a phala. Aphunzitsi amene mumapita ndi ana asukulu, musamakhale pamthunzi nkumacheza pa WhatsApp ana ali pamwamba pa injini, takuonani.

Inunso amayi ogulitsa tomato ndi makala m'mbali mwa njanji, ndikudziwa zinthu zavuta, sindikukunyozani, koma sunthirani kumbuyo pang'ono, ndipo kamwana kaja kokwawa musamakasiye kakusewera ndi miyala ya pamenepo. Anyamata a kabaza, powoloka njanji imani kaye, muyang'ane uku ndi uku, kasitomala akachedwa mphindi imodzi safa.

Iwe wa kamera wa Loweruka uja, nkhope yako ndaisunga, ndipo ndafunsa kale, akuti umapemphera mpingo umodzi ndi mlamu wanga. Loweruka likubwerali ndidutsanso pomwepo cha m'ma 10 koloko. Ndikakupeza wakhazikanso mwana wa munthu panjanji, sindilankhula nawe, ndikupita kwa makolo a mtsikanayo.