Ndalama zilipo, nanga mabungwe amapindulanji?

Zikomo alembi potiuza za anthu omwe anaphunzira pa yunivesite ya Princeton ku America. Chandikhudza n'chakuti gulu lomwe linamaliza maphunziro mu 1969 silinangothera pa madyerero okumbukirana ayi. Mu 1996 linayambitsa ndondomeko yolipira ophunzira amene amathera tchuthi chachitali akugwira ntchito m'mabungwe othandiza anthu. Zikumveka ndithu: mwana wa m'banja losauka sangagwire yaulere miyezi iwiri lendi ndi chakudya zikumudikira. Koma ine chondisangalatsa kwambiri si kangachepeko, ndi zoti wophunzira amamupezera mkulu mmodzi mwa akalewo woti azimulangiza.

Funso langa alembi ndi ili: mwana akamachoka atangoyamba kuzolowera ntchito, bungwe lomulandiralo limatsala ndi chiyani?