Muli ndi ziwiri, koma zonse pa breka imodzi?

Ana anga amene mukuyang'anira makina m'mafakitale a ayezi ndi m'malo opopera madzi kuno ku Mangochi, tcherani khutu. Ndagwira za magetsi mpaka imvi mbuu, ndipo zomwe ndikuona masiku ano zikundinyansa.

Msodzi wa ku Makawa, ngakhale boti lake lili ndi injini, nkhafi sazisiya kumtunda. Nanga inu fakitale yonse mukuitsamiritsa bwanji pa PLC imodzi, kompyuta yolamulira makina ija?

Ena mumayankha mwamatama kuti, "Madala, ifetu tili nazo ziwiri." Ndinakaona kwinakwake. Zinalipodi ziwiri, koma m'bokosi limodzi, pa breka (switchi yodula magetsi pakakhala vuto) imodzi, UPS (chipangizo chopereka magetsi a m'mabatire magetsi akazima) imodzi yomwe mabatire ake anatupa kalekale ndi kutentha kwathu kuno. Mphenzi itagwa, zonse zinafera pamodzi. Chipinda choziziritsira nsomba chinazima Lachisanu usiku, pofika Lolemba chambo chonse chinali chitavunda, ntchentche zili ng'waa pakhomo. Nditafunsa kuti pulogalamu ya makinawo munasunga kuti, anyamata anangoyang'anana. Inali pa laputopu ya mnzawo amene anapita ku Joni. Zamanyazi!

PLC yachiwiri izikhala ndi magetsi akeake, komanso pulogalamu ndi firmware (pulogalamu ya m'kati yoyendetsa PLC-yo) zofanana ndi za inzake. Zikasiyana, tsiku la tsoka siilandira ntchito. Ndipo lekani khalidwe lozula zida pa makina odikirira n'kukakonzera ena, mukumati mudzabwezera. Simubwezera, ndikukudziwani.

Nthambo za netiweki muzilumikiza mozungulira ngati mkombero wa lichero, kuti ikaduka mbali ino uthenga udzere mbali inayo. Pa PROFINET, netiweki yolumikiza makina a m'fakitale, njira yoyang'anira mkomberowo yotchedwa MRP imatsegula mbali inayo pasanathe mamilisekondi 200. Koma mukadutsitsa nthambo zonse ziwiri mu paipi imodzi, khoswe mmodzi akwanira. Ngakhale khasu la wolima m'mbali mwa mpanda.

Mwaiwala kale 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130? Amene jenereta yawo inkangokhala osailiza anadziwira tsiku lomwelo kuti batire inafa.

Sankhani tsiku lomwe ntchito yachepa, muwauze abwana, muzimitse dala PLC yoyamba muli chilili pomwepo, muone ngati yachiwiri itenga ntchito pampu isanaime. Zulaninso nthambo imodzi, muone ngati alamu ilira. Mulembe tsikulo m'kabuku, mukapachike pachitseko cha bokosilo. Mitambo yayamba kale kuda cha ku Namwera.