Chenjezo kwa abambo osunga mfuti za m'manja osazikhoma

Abale anga amene mukukhala ku America, makamaka inu abambo amene munagula mfuti za m'manja kuti muteteze mabanja anu, ndikupempha kuti mundimvere, chifukwa zimene ndinaona m'nyumba ya mnzathu wina zandisowetsa tulo. Mwana wake wa zaka zisanu anatumidwa kukatenga tchaja ya foni kuchipinda, ndipo atachedwa tinamutsatira n'kumupeza atatsegula dirowa ya pambali pa bedi. Mfuti inali pamwamba pa masokosi, zipolopolo zili m'kati, pomwe loko wake anali pansi pa dirowayo, asanatulutsidwe n'komwe m'pulasitiki yake. Nditawadzudzula, bambowo anayankha kuti mbava ikalowa usiku siyembekezera munthu kuti afufuze kiyi.

Mawu amenewa sindikuwanyoza, popeza muli choona m'kati mwake. Ngakhale khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa District of Columbia v. Heller m'chaka cha 2008, linathetsa lamulo la mzinda wa Washington lokakamiza anthu kusunga mfuti itamasulidwa kapena itakhomedwa nthawi zonse, ponena kuti limalanda munthu mwayi wodziteteza m'nyumba mwake. Koma khotilo silinanene kuti muziika mfuti pamene dzanja la mwana lingafike. Mbava mukhoza kukalamba musanaione, koma mwana ali m'nyumbamo tsiku lililonse, ndipo amadziwa malo onse amene inu mumaganiza kuti ndi obisika.

Kodi mwaiwala za ku Oxford, m'boma la Michigan? Pa 30 Novembala 2021 mnyamata wa zaka 15 anapha ana asukulu anzake anayi ndi mfuti imene bambo ake anagula masiku anayi m'mbuyo mwake. Loko wa waya amene anabwera ndi mfutiyo anapezeka ali m'paketi yake. M'chaka cha 2024 makolo onse awiri, James ndi Jennifer Crumbley, anapezeka olakwa pa imfa za anawo ndipo analamulidwa kukhala m'ndende zaka zapakati pa 10 ndi 15. Tsoka silinunkha, ndipo makolo amenewo sanawombe ndi iwo, koma anasiya chida poyera mwana wawo ali ndi mavuto m'maganizo.

Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti maloko si ofanana, ndipo amene amati loko amachedwetsa nthawi zambiri amakhala atayesa mtundu umodzi wokha. Lamulo la dzikolo la chaka cha 2005 limafuna kuti wogulitsa mfuti ya m'manja amene ali ndi chiphaso apereke chokhomera pamodzi nayo, ndipo kawirikawiri chimakhala loko wa waya. Wayayo amalowa pamene pamakhala magazini, kachitsulo koikamo zipolopolo, n'kutulukira pamene pamatulukira chikhungwa cha chipolopolo, choncho sungamuike mfuti ili ndi zipolopolo. Ndi wabwino pa mfuti yosungidwa nthawi yaitali, ngakhale kuti munthu wokhala ndi chodulira mawaya amamudula mosavuta, koma pa ngozi ya usiku amachedwetsadi, chifukwa muyenera kupeza kiyi mumdima, kusolola waya, kenako n'kulowetsa magazini manja akunjenjemera. Loko womanga pa kachitsulo kowombera ndiye woopsa kwa wosasamala, popeza ukamuika pa mfuti yodzaza akhoza kukankha kachitsuloko mfuti n'kulira.

Kwa munthu amene akufunadi mfuti yodzitetezera, njira imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru ndi kabokosi kachitsulo kotsegula msanga, kokhala ndi mabatani odina kapena kozindikira chala. Nakonso kali ndi zofooka zake. Kozindikira chala kamakana nthawi zina chala chikakhala chonyowa ndi thukuta, mabatire amatha osakuuzani, ndipo kabokosi kosamangirira ndi mabauti pansi kapena kukhoma mbava imangokanyamula konse. Choncho mukamangirire, musinthe nambala imene kanabwera nayo kuchokera kufakitale, ndipo muziyeserera kukatsegula mumdima, mfuti ilibe zipolopolo, mpaka zala zizolowere. Nambalayo isakhale tsiku lobadwa la mwana wanu, ndipo kiyi yapadera isapachikidwe pamodzi ndi makiyi a galimoto amene mumawasiya patebulo.

Palinso nkhani imene timachita nayo manyazi kuitchula. Ku America imfa zoposa theka za mfuti ndi za anthu odzipha okha. Ngati m'nyumba muli wachinyamata wovutika maganizo, kapena inu nomwe mwalowa m'ngongole, m'mowa kapena m'mikangano ya banja, mphindi zimene loko amachedwetsa ndi zimene zingapulumutse moyo, ndipo pa nthawi yotero ndi bwino mfutiyo ikasungidwe kwina movomerezeka ndi lamulo.

Mnzathu uja ndinamuuza pamaso pa mkazi wake kuti adzukulu anga sadzapondanso pakhomo pake kufikira nditaona ndi maso anga bokosi litamangiriridwa ndipo mfuti ili m'kati mwake.