Ndasamukira ku Mzuzu ndi buku losatha m'chikwama: maganizo anga

Munthu ukangosamuka, aliyense amakupatsa malangizo amodzimodzi: yamba wakhazikika kaye, zinazo uziona bwino. Pa nkhani yogula firiji kapena kufunsira mbeta, malangizowa ndi anzeru. Pa nkhani yolemba buku, ine ndikuwakana. Ngati mwakhala mukulakalaka kulemba nthano yaitali, ndiye ntchito kapena banja lakuponyani m'tauni momwe simudziwa aliyense, yambani sabata yomweyo, makatoni asanamasulidwe n'komwe.

Ndikulemba izi ndili ku Mzuzu, komwe ndinabwera chifukwa cha ntchito kuchokera ku Ndirande.

Tiyeni tinene zoona. Mmalawi amene ali kwawo alibe Loweruka. Kukacha kuli maliro a apongozi a mnzako wa kuntchito, masana chinkhoswe, madzulo msonkhano wa komiti ya ukwati wa mwezi wamawa. Lamulungu ukatuluka m'tchalitchi kuli banki mkhonde, ukafika pakhomo wapeza alamu abwera kudzabwereka ndalama, ndipo sangayambe nkhaniyo asanadye nsima. Sindikunyoza ayi, moyo wathu ndi umenewo, ndipo tsiku limene adzakugwere mavuto ndi iwe udzathokoza kuti anthu alipo. Kungoti nthano yaitali siigwirizana ndi moyo wotere. Nkhani yaifupi ya m'nyuzipepala ya kumapeto kwa sabata utha kuilemba usiku umodzi, m'mawa n'kuikonza. Yaitali imafuna uzibwerera kwa anthu omwewo tsiku ndi tsiku kwa miyezi, uzikumbukira kuti amene anathyoka mwendo m'mutu wachitatu sangathamangitse wakuba m'mutu wachinayi, ndi kuti mayi amene unati ndi wa Chisilamu sangapezeke akukazinga nkhumba chifukwa choti iwe unaiwala. Ukaisiya masabata atatu, pobwerera umapeza ampangankhani ako asanduka alendo, mawu awo sukuwamvanso.

Mlendo m'tauni ali ndi chuma chimene mwinimudzi alibe. Palibe amene akudziwa khomo lake. Palibe komiti imene yamuika kukhala msungichuma. Kuno nyengo nayo imathandiza: Juni ndi Julayi kumazizira moti ikangokwana 7 koloko madzulo anthu alowa m'nyumba, ndipo m'mawa nkhungu imaphimba Katoto mpaka dzuwa litakwera. Mvula nayo siidziwa kusiya msanga ngati ya ku Blantyre. Magetsi akazima, kope ndi bolopeni zilipo. Masamba awiri patsiku, pakatha miyezi itatu ndi masamba 180. Adzakhala oipa, ambiri mudzawang'amba, koma adzakhala alipo, ndipo chinthu chimene chilipo chimakonzeka. Nthawi imeneyi ndi yobwereka, anzanga. Anthu akangokudziwani, yatha.

Koma pali msampha, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikambirane bwino. Munthu ukafika malo achilendo maso amatseguka, chilichonse chimaoneka ngati nkhani. Akabaza okwera zitunda za ku Masasa, amayi ogulitsa nthochi za ku Nkhata Bay, mpunga wa kilombero wochokera ku Karonga, kondowole, zitenje za mumsika wa Taifa. Mtima umati lemba za kuno. Ena amafika pokulimbikitsa ndi mwambi uja woti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo n'kakuthwadi, koma mlendoyo sadziwa pamene pali chipsera pamutu pa amene akumumetayo.

Mzuzu si tauni yoimvetsa pa miyezi yochepa. Ndi mzinda waung'ono pa msinkhu: unakulira pa esiteti ya mitengo ya tung (njere zake amayengera mafuta) imene inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Pa kalembera wa 2018 munali anthu oposa 220,000, pamene Blantyre anali ndi oposa 800,000. Ambiri mwa anthu amenewa ali ndi kwawo kwina, ku Rumphi, ku Mzimba, ku Chitipa, ku Karonga, kunyanja, ndipo aliyense anabwera ndi chilankhulo chake ndi mbiri yake. Chimene chimawalumikiza ndi Chitumbuka. Tsono ife olankhula Chichewa tisaiwale kuti mu 1968, Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chinabwerera pa wailesi ya boma mu 1994. Akuluakulu a kuno amazikumbukira zimenezo. Iwe ukafika ndi "monile" wako wophunzira dzulo, amaseka mwachikondi n'kusinthira ku Chichewa kuti usavutike. Ndi ulemu waukulu, koma kwa wolemba ndi vuto, chifukwa zimene ukumvazo ndi zimene akonzera mlendo. Nthabwala zenizeni, mikangano yeniyeni, miseche ya pachitsime, zonsezo zikuchitika m'chilankhulo chimene iwe ukungotolamo mawu awiri atatu. Ukalemba buku la Mzuzu uli pamenepo, udzalemba za mlendo amene akuyang'ana anthu pawindo la minibasi, ndipo eni ake akadzawerenga adzadziwa pa tsamba loyamba.

N'chifukwa chake buku langa ndi la ku Ndirande. Chodabwitsa n'chakuti Ndirande ndayamba kumuona bwino ndili kuno. Ndili komweko sindinkamva phokoso la amisiri okhoma zidebe ndi mbaula kumsika, linali ngati mpweya basi. Fungo la mtsinje wa Nasolo nthawi ya dzuwa, phiri lija lopanda mitengo, momwe uthenga umayendera kuchokera ku Goliyo kukafika ku Makata usanatsike n'komwe minibasi, zonsezi zabwera zokha m'kachipinda kozizira ka kuno. Zimene maso anazolowera sazilemba. Pamafunika mtunda kuti uzindikire kuti kwanu nakonso n'kwachilendo.

Nanga tauni yatsopanoyo ntchito yake n'chiyani? Ndi sukulu ya makutu. Poti sudziwa kanthu, umakakamizika kukhala chete n'kumamvetsera, chinthu chimene kwathu sitichita chifukwa timaganiza kuti tikudziwa kale zimene mnzathu anene.

Pafupi ndi pamene ndikuchita lendi pali mayi wina wachikulire amene mwana wake ali ku Johannesburg, monga alili anyamata ambiri a ku Mzimba. Tsiku lina mvula inandipeza panjira ndipo ndinausa pakhonde pawo. Anandipatsa mpando, anakankhira mbaula kufupi ndi miyendo yanga. Ndinafunsa, "Amama, achimwene aja amaimba foni?" Sanayankhe zimenezo. Analoza kudenga n'kunena kuti malata onsewa anatumiza ndalama yake ndi iyeyo, a geji yabwino, osati opyapyala aja. Kenako anati chovuta n'chakuti mvula ikamagwa usiku amasokosa, sagona, pamene udzu unali wachete. Anatembenuza makala, nkhani inathera pomwepo.

Palibe pamene ananena kuti ndamusowa mwana wanga. Palibe pamene ananena kuti ndimanyadira, kapena kuti ndimaopa kuti sadzabweranso. Koma zonsezo zinanenedwa. Umu ndi momwe anthu amalankhulira, makamaka ife amene tinaleredwa kuti zakukhosi sizitulutsidwa pagulu. Tsono yerekezani ndi nkhani zambiri zimene timawerenga pano pa Facebook, zija za gawo 1, gawo 2 mpaka gawo 60. Ndimazilemekeza, chifukwa olemba ake amadziwa kumugwira munthu kuti abwerenso mawa, luso limene ambiri ophunzira kwambiri alibe. Koma ampangankhani ake amalankhula ngati ali pa bwalo la milandu: "Ndakwiya kwambiri chifukwa wandinyenga ndi mnzanga wapamtima." Ndani amalankhula choncho? Mkazi weniweni amangokuikira nsima patebulo popanda madzi osamba m'manja, iwe n'kudziwa kuti lero kwaipa. Mayi wa malata uja sadzalowa m'buku langa, nkhani yake ndi yake. Chimene ndinatengapo ndi khutu, ndipo ndinabwerera ku mitu imene ndinalemba kale kukafufuta malo onse amene anthu anga ankanena zamumtima mwachindunji.

Apa wina anena kuti, ndiye bwanji osangodzitsekera m'nyumba mpaka buku litatha, poti wati nthawi ndi yochepa? Ayi. Munthu akakhala yekha nthawi yaitali, ampangankhani ake onse amayamba kulankhula ngati iye mwini. Agogo, kondakitala, mwana wa sitandade 4, onse amaganiza mofanana, onse ndi anzeru mofanana. Buku limafuna zinthu ziwiri zosagwirizana, kukhala wekha kuti lilembedwe ndi kukhala pakati pa anthu kuti likhale ndi moyo, ndipo palibe amene angakugawireni bwino ziwirizi. Ine ndimalemba m'mamawa ndisanapite ku ntchito, madzulo ndi a anthu.

Ndipo mukaona masamba aikidwa pamsewu wa m'dera lanu latsopanolo, pitani, ngakhale malemuyo simunamuonepo. Pitani chifukwa ndi umunthu, osati kukasaka nkhani. Koma zimene mudzaphunzire kumeneko palibe kalasi imene ingakupatseni. Pa maliro ena m'dera lathu lino, bambo wina amene amandiona ndikulemba pakhonde anandiitana n'kundipatsa kope la chipepeso. "Adada, inu mumalembalemba, tagwirani apa." Ndinakhala pa benchi usiku wonse, tochi ya foni m'dzanja limodzi, ndikulemba mayina ndi ndalama. Thupi linkayenera kupita kumudzi ku Rumphi, choncho nkhani yaikulu inali ya galimoto ndi mafuta. M'kope limenelo ndinaona dera lonse litaima pamzere. Amayi amatchulidwa ndi mfunda wa kwawo, aNyaGondwe, aNyaMhango, aNyaChirwa, osati dzina la amuna awo. Wina amapereka ndalama yambiri mokweza mawu, n'kuima pomwepo mpaka aone kuti ndalemba ziro zonse. Wina amabwera anthu atachepa, ndalama itapindidwa kangapo m'nsonga ya chitenje, n'kunong'ona kuti musalembe dzina. Wina amalonjeza kuti abweretsa m'mawa, ndipo onse okhala pa benchipo amayang'ana pansi chifukwa akumudziwa. Awiri apachibale sanapatsane moni usiku wonse koma anapereka ndalama yofanana ndendende, wachiwiriyo atasuzumira kaye m'kope.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti nthano imakhala ndi tsatanetsatane, mpangankhani wamkulu, malo ndi nthawi, pampondachimera. Zonsezo n'zoona, ndipo zimathandiza pa mayeso a Fomu 4. Koma chimene chimayendetsa nthano yaitali ndi chimene ndinachiona pa benchi paja: aliyense akufuna kanthu, aliyense akubisa kanthu, ndipo pali wina amene akudziwa. Mukakhala ndi anthu asanu otere m'nyumba imodzi, tsatanetsatane amabwera yekha. Mukapanda kukhala nawo, ngakhale muikemo ngozi ya galimoto, ufiti ndi mimba yosadziwika mwini wake, buku silidzuka.

Za kuwerenga ndingonena mwachidule, poti aliyense amanena. Wolemba amene sawerenga amaoneka. Mabuku kuno ndi osowa ngati kwina kulikonse m'dziko muno, ndipo anthu a mumzinda uno saiwala moto umene unapsereza laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015. Komabe laibulale ya boma ilipo m'tauni, ndipo kulembetsa kumeneko kukhale m'gulu la zinthu zoyamba, pamodzi ndi kupeza chigayo ndi wometa tsitsi. Amene mukulemba m'Chichewa, funani mabuku akale a m'chilankhulo chathu. Samuel Josia Ntara anatulutsa Nthondo mu 1933, kutanthauza kuti msewu umenewu unalambulidwa kalekale, sitikuyamba ife. Muziwerenga ngati mmisiri amene akugwedeza mpando wa mnzake kuti aone pamene anakhoma misomali: mutu uwu wayambira pati, wathera pati, zaka zisanu zadumphidwa bwanji m'chiganizo chimodzi.

Chovuta chenicheni cha kulemba uli mlendo ndi kusowa wokuwerengera. Anzako amene angakuuze mosapsatira kuti mutu uwu ndi wotopetsa unawasiya kutali, ndipo atsopanowa akadali pa ulemu, chilichonse amati chili bwino. Musatumize mitu yosapsa pa gulu la WhatsApp la anthu 200, mudzangolandira tizithunzi ta moto ndi manja owomba, zimene sizikonza chiganizo ngakhale chimodzi. Sankhani munthu mmodzi wouma mtima pang'ono, mumutumizire, mumufunse funso limodzi lokha: unayamba kutopa pa tsamba liti? Ndipo musanatumize, werengani mokweza nokha m'chipinda. Chichewa ndi chilankhulo cha pakamwa, pamene lilime lapunthwa pali vuto, kawirikawiri ndi Chingerezi chimene chabisala pansi pa chiganizocho. Aneba adzaganiza kuti mumapemphera kwambiri. Asiyeni aganize.

Inu a ku Blantyre amene mumandifunsa mu inbox kuti buku lituluka liti, funso limenelo muyambe mwalisunga. Amene anakulira ku Ndirande m'zaka za m'ma 1990, amene angapirire kuwerenga mitu itatu yoyamba n'kundiuza pamene ndanama, ameneyo ndiye andipeze. Woyamikira ndili nawo kale okwanira.