Utsi unawapha nkhondo itatha kale

Apongozi anga kuno ku Britain ali ndi kachitini ka mabisiketi komwe amasungamo zinthu za agogo awo aamuna: mendulo ziwiri, kabaji kasiliva, ndi chithunzi cha mnyamata atavala yunifolomu yomukulira. Chomwe ankadziwa n'chakuti agogowo anapuma utsi wapoizoni pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Anabwerako ndi moyo, koma usiku ankagona chokhala pampando chifukwa cha chifuwa, mpaka anamwalira m'zaka za m'ma 1920 ana awo akadali aang'ono.

Tinakhala pansi kuti tifufuze. Poyamba penipeni tinagwa mphwayi. Mafayilo opitirira theka a asilikali wamba anapsa mu September 1940, bomba la Germany litagwera nyumba yosungiramo mapepala pa Arnside Street ku London. Fayilo ya agogowa sitinaipeze.

Chinatipulumutsa ndi kabaji kaja. Dzina lake ndi Silver War Badge, ndipo anayamba kukapereka mu 1916 kwa asilikali ochotsedwa ntchito chifukwa chovulala kapena kudwala, kuti anthu mumsewu asamawanyoze kuti athawa nkhondo. Kuseri kwake kuli nambala. Nambala imeneyo inatifikitsa pa kaundula wa ku National Archives ku Kew, momwe munalembedwa tsiku lomwe analowa usilikali, tsiku lomwe anatuluka, ndi chifukwa chake: thupi silikanathanso ntchito ya nkhondo. Kenako tinawerenga buku lomwe akuluakulu a gulu lawo ankalembamo za tsiku ndi tsiku. Msilikali wamba satchulidwa dzina m'menemo. Tinangopeza mizere yochepa ya pensulo, mu 1917 pafupi ndi Ypres ku Belgium: usiku kunagwa mabomba a utsi, m'mawa anthu anatengeredwa kuchipatala.

Imeneyo ndi nthawi ya mustard gas, yomwe Ajeremani anayamba kuponya kumeneko mu July 1917. Kuipa kwake, munthu sankamva ululu nthawi yomweyo. Pakapita maola angapo maso ankatupa n'kutsekeka, m'khwapa ndi m'mphechepeche munkatuluka matuza, mapapo n'kupsa. Poizoniyo ankakhalira m'matope kwa masiku. Nditawafotokozera zimenezi, apongozi anangogwira kukamwa, misozi ili mbwe.

Tsono chondiwawa ndi ichi. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, lomwe limasamalira manda ndi mayina a ofera kunkhondo, pa nkhondo imeneyi limawerengera okhawo omwe anamwalira pofika pa 31 August 1921. Agogowa anapirira kupitirira tsikulo, ndiye dzina lawo mulibe m'kaundula wa ofera kunkhondo. Kwa ine amenewa anaphedwa ndi nkhondo basi, kungoti inawapha pang'onopang'ono pampando wa m'nyumba mwawo. Ndikumvetsa kuti boma limafuna tsiku lotsekera mabuku, koma banja lisamavomere kuti nkhani yathera pamenepo. Ngati muli ndi kabaji kapena mendulo m'kabati, onani nambala yake, muyambe kufufuza akuluakulu odziwa akadali moyo.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Apongozi ali ndi nambala yoyambira. Nanga ife? Kwathu nkhondo yomweyi tinkaitcha ya Chiwaya. Utsiwu sunafikeko, koma anthu miyandamiyanda anagwidwa kukasenza katundu ngati a tengatenga, ambiri n'kufera m'njira ndi njala komanso kamwazi. Chipilala cha KAR (gulu lankhondo la King's African Rifles) ku Zomba ndi cha asilikali. Osenza katundu ambiri alibe manda odziwika. Mu 2021 bungwe lomwe lija linavomereza lokha kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe.

Kutacha ndinaimbira azakhali kumudzi kuwafunsa za agogo athu omwe ndinkamva kuti anapita ku Chiwaya osabwerako. Anakhala chete kanthawi, kenako anatchula dzina limodzi ndi mfunda wake. Ndalilemba pakapepala, ndipo apongozi andiuza kuti ndikaike m'kachitini momwemo.