Msilikali akafuna kuphunzira helikopita musamutsekere chifukwa cha dyera la masukulu

Anzanga, pali nkhani ya ku America imene imandikhudza kwambiri ndipo lero ndati ndiyankhulepo basi. Kumeneko munthu akagwira usilikali n'kutuluka bwinobwino, boma limamulipirira sukulu, dongosolo lake amalitchula GI Bill. Linayamba 1944, Pulezidenti Roosevelt ndi amene anasayina, pofuna kuti anyamata obwera kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse asamangoyendayenda m'misewu opanda chochita. La masiku ano ndi Post-9/11 GI Bill, linayamba kugwira ntchito mu August 2009, ndipo amene watumikira zaka zokwanira amapatsidwa miyezi 36 ya sukulu, fizi yonse ngati ali pa koleji ya boma ya m'chigawo chake, ndalama ya lendi mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo ya mabuku mpaka madola 1,000 pachaka. Ena amakaphunzira unesi, ena zamakompyuta, ena ndiye amasankha kuyendetsa helikopita. Apa ndi pamene pamabuka phokoso, anthu amati aaa zimenezo ndi zodula, kuwononga misonkho ya anthu. Ine ndikukana, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake.

Choyamba tisamaganize kuti aliyense amene anali msilikali amadziwa kale kuwulutsa ndege. Ayi. Amene anali mapayiloti kunkhondo ali ndi njira yawo yachidule yotengera mapepala a FAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege, iwowo alibe vuto. Amene ndikunena ine ndi makaniko amene anatha zaka akumanga ndi kumasula helikopita za asilikali za Black Hawk ku Iraq kapena ku Afghanistan, amene ankakhala kumbuyo pakhomo la ndege atagwira mfuti, amene ankanyamula anzake ovulala kuwakweza mu helikopita. Munthu ameneyu makinawo amawadziwa fungo lake ndi phokoso lake koma mpando wakutsogolo sanaukhalepo. Akatuluka n'kunena kuti ndikufuna mpando umenewo, ine sindikuona cholakwika, anaulipira kale ndi zaka za unyamata wake.

Nanga kudulako? Ndi zoona ndi zodula, palibe wobisa. Ambiri amayambira pa kahelikopita kakang'ono ka mipando iwiri, Robinson R22, kopangidwa ku Torrance ku California, ndipo ola limodzi ndi mphunzitsi limadya madola 300 kapena kuposa. Maola oyambirira amathera pa chinthu chimodzi, kuyimitsa ndege m'malere pamalo amodzi. Dzanja lamanja lili pa ndodo yowongolera yotchedwa cyclic, lamanzere pa ina yokwezera ndi kutsitsira yotchedwa collective, mapazi onse awiri pa mapedulo, ukangokhudza chimodzi zina zonse zasintha, ndege ikupita kumanzere iwe ukuikokera kumanja yapitiriranso, thukuta kamukamu, mphunzitsi akulanda n'kuikhazika phee kenako akukubwezera kuti yesanso. Ukadziwa zimenezo pakubwera autorotation, kutsika injini itachotsedwa mphamvu, mphepo yokha ndi imene ikuzunguza mapiko. Izi sizophunzirira pa YouTube, zimafuna mafuta, makaniko, inshuwalansi ndi munthu wokhala pambali pako.

Ndiye werengani nokha. Laisensi yoyamba imafuna maola osachepera 35 kapena 40 malinga ndi mtundu wa sukulu, koma ambiri amapitirira pamenepo. Ya commercial, yokuloleza kulipidwa powulutsa ndege, nthawi zambiri ndi maola 150. Ntchito yoyamba ya pafupifupi aliyense ndi kuphunzitsa ena, ndipo lamulo la FAA limati kuti uphunzitse pa Robinson ukhale ndi maola 200 a helikopita. Maola 200 pa madola 300 ndi 60,000 kale, usanawerengere za m'kalasi, mayeso ndi maola a R44, helikopita yokulirapo ya Robinson, amene ndi okwera mtengo. Mwana wa munthu wamba amene analowa usilikali ali ndi zaka 18 chifukwa kwawo kunalibe ya koleji, ndalama imeneyo angaitenge kuti?

Pamene zinasokonekera ndi apa. Lamulo linaika malire kwa amene akupita ku sukulu ya ndege mwachindunji, anayambira pa madola 10,000 pachaka mu 2011, komanso laisensi yoyamba ukhale utadzilipirira wekha. Koma ukalembetsa digiri pa koleji ya boma, fizi inalibe malire. Makampani ena ophunzitsa helikopita anaona mpata, anagwirizana ndi makoleji a boma, koleji ikupereka digiri, kampani ikuwulutsa ana asukulu, bilu yonse ikupita ku VA, unduna woona za asilikali akale. Mu 2015 nyuzipepala ya Los Angeles Times inafukula nkhaniyi ndipo inapeza kuti panali asilikali ena amene maphunziro awo anadyera boma madola opitirira 500,000 munthu mmodzi. Theka la miliyoni anzanga, pa maphunziro amene ena amamaliza ndi ndalama yosafika 100,000.

Zimenezo zinali zoipa ndipo sindingaziikire kumbuyo. Koma funso langa ndi lakuti mtengowo anaulemba ndani? Msilikali sanalembe. Iye anauzidwa kuti bwera kuno zonse ndi zaulere, tikukweza pa helikopita ya turbine, ya injini yamphamvu ndi yodula kwambiri, ukatuluka mabwana azikulimbirana. Ndalama sinadutse m'thumba mwake, inachoka ku boma kupita ku koleji kenako ku kampani. Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti maola a turbine odulawo samuthandiza kwenikweni munthu wa maola 200, chifukwa palibe amene angamupatse ndege yaikulu pa msinkhu umenewo. Ntchito zonyamula alendo ku Grand Canyon kapena kupititsa anthu pa migodi ya mafuta ya m'nyanja ku Gulf of Mexico zimafuna maola cha m'ma 1,000, za ambulansi ya m'mlengalenga zimafuna ochulukirapo, nthawi zambiri 2,000. Pakati ponsepo umadzaza ndi kuphunzitsa, pa kandege kakang'ono komweko. Ndiye amene anapindula ndi turbine ija ndi mwini sukulu.

Pali kanthu kena kamene anthu sakadziwa, mpando wa R22 umalola munthu wosapitirira mapaundi 240, cha m'ma 109 kg. Msilikali wathupi amakakamizika kupita pa R44 ya mipando inayi, mtengo n'kukwera. Chimenecho ndi chifukwa chomveka, ndipo woyang'anira wanzeru amatha kusiyanitsa chifukwa ngati chimenechi ndi kuba.

VA itadzidzimuka inayamba kukhwimitsa lamulo lakale la 85/15, loti pa kosi iliyonse ophunzira olipiriridwa ndi VA asapitirire 85 pa 100 aliwonse. Nzeru yake ndi yabwino, ngati palibe munthu ngakhale mmodzi wolola kulipira m'thumba mwake ndiye kuti mtengowo ndi wabodza. Makosi ena ku Arizona ndi ku Utah anawaletsa kulemba asilikali atsopano mu 2015 momwemo. Izo ndikugwirizana nazo. Chimene sindikugwirizana nacho ndi maganizo amene anafika ku Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, oti angoika malire a madola pafupifupi 20,000 pachaka pa maphunziro a ndege. Nsomba ikawola imodzi sikuti utaye dengu lonse osayang'anamo. Malire otsika chonchi samulanga wakuba, wakubayo amangosintha bizinesi, amene amatsala panja ndi makaniko uja, kapena amakatenga ngongole kubanki imene aziilira zaka khumi pa malipiro a mphunzitsi wongoyamba kumene, amene ndi ochepa ndithu.

Boma lili ndi mphamvu yofunsa sukulu kuti ola limodzi mukulipiritsa zingati, munthu wamba mumamulipiritsa zingati pa ndege yomweyo, pa kosi iyi pakufunika maola angati, amene anamaliza chaka chatha angati ali pantchito. Sukulu yolephera kuyankha ichotsedwe pa mndandanda. Imeneyo ndi ntchito ya maofesala a VA ndipo akanaigwira kuyambira pachiyambi bwenzi nkhani ya 500,000 kulibe.

Ndipo ngati muli ndi m'bale kapena mwana amene anatumikira usilikali wa ku America ndipo akulota za helikopita, muuzeni ayambe wapita kwa dokotala wovomerezeka ndi FAA akapimidwe maso, makutu ndi mtima asanasayine chilichonse, makamaka ngati anabwerako ndi vuto la kumva kapena akumwa mankhwala a maganizo, chifukwa popanda pepala la dokotala ntchitoyo kulibe. Afunsenso ngati sukuluyo imalemba ntchito ophunzira ake omwe kuti akhale aphunzitsi, poti maola 1,000 aja amachokera pamenepo. Miyezi 36 ija ikatha yatha, saperekanso ina chifukwa choti unasankha sukulu yolakwika.