Slide si buku abale

Ndinene zoona, ndatopa nawo ma presentation oti munthu wathira ndime yonse pa slide kenako n'kutipatsa nkhongo, akuwerenga liwu ndi liwu ngati ife sitinapiteko kusukulu. Bwana, tinamaliza kale kuwerenga inu muli pa mzere wachiwiri, pano tikungokanda mafoni pansi pa tebulo.

Vuto lake n'loti munthu sungawerenge chiganizo china uku ukumvetsera china, maso akakhala pa mawu makutu amatseka. Ndiye mukadzaza slide ndi zolemba mwayamba kulimbirana anthu ndi slide yanu yomwe, ndipo imakuposani nthawi zonse.

Guy Kawasaki, katswiri wa zamalonda wa ku America, ali ndi kalamulo kake ka 10/20/30, ma slide 10, mphindi 20, zilembo zisachepere saizi 30. Sindikuti tizikatsata ngati malamulo a Mose ayi, koma ka 30 kaja ndimakakonda chifukwa zilembo zikakula malo amachepa ndiye umakakamizika kusankha chofunika chenicheni, komanso wakumbuyo uja amaona bwinobwino osachita kusuzumira.

Ma graph ndiye musanene. Munthu kukopa tebulo lonse la Excel, manambala mbwee, n'kumati "monga mukuonera apa"... sitikuona kanthu ife akulu! Tengani nambala imodzi yomwe mukufuna tituluke nayo, ikulitseni, zinazo mutitumizire pa imelo. Mutu wa slide nawonso uzinena nkhani yake, osangoti "Malonda a chaka chino" koma "Malonda atsika kuyambira June", apo aliyense wadziwa kale poyang'ana. Zofiira ndi zobiriwira pa graph imodzi muzisamala nazo, pali anthu ambiri makamaka amuna omwe satha kusiyanitsa mitundu iwiriyi ndipo sangakwezenso dzanja kukuuzani.

Ku kampani ya Amazon, Jeff Bezos yemwe anaiyambitsa anafika poletsa PowerPoint pa misonkhano ya akuluakulu mu 2004, m'malo mwake amayamba ndi kuwerenga chikalata cha masamba 6 mwakachetechete kenako n'kukambirana. Ine sindingafike pamenepo, chithunzi chabwino chimodzi chimathandiza kwambiri, koma mfundo yake ndikuimva, timadontho tondandalikira mfundo pa slide tija timabisa kuti munthu sanaganize mokwanira.

China chomwe anthu amachinyozera ndi kuyeserera mokweza. Osati chamumtima ayi, imirirani kuchipinda, tcherani wotchi, lankhulani mpaka kumapeto. Mudzazimva nokha ma "eee" ndi "ndiye kuti" angati omwe mumaponya, ndi malo omwe mumathamanga ngati akukuthamangitsani. Pa tsikulo yang'anani anthu kumaso, mukanena mfundo yayikulu khalani chete pang'ono ilowe.

Ine mayeso anga ndi amodzi, projector itakana kuyaka mphindi ziwiri musanayambe, mungathe kufotokozabe nkhani yanu? Ndinaonapo wina atangoima kakasi kudikira wa IT mpaka nthawi yake inatha.